Sabuufa ya aneba ikamagunda pakhoma

M'nyumba za lendi za ku Ndirande kapena ku Chinsapo, khoma limodzi limagawa mabanja awiri, ndipo nyimbo za aneba zimafika mpaka pabedi panu. Langizo langa n'loti musakagogode usiku womwewo mtima uli m'mwamba. Dikirani kuche, muwapeze ali okha, osati pampopi pomwe pali amayi anzawo. Munthu akachititsidwa manyazi pagulu amaumitsa khosi.

Yambani ndi moni, funsani za ana, kenako: "Pepanitu amake Chikondi, mwana wangayu akukonzekera mayeso a MSCE. Kodi ikamakwana 9 koloko usiku mungamatsitseko pang'ono?" Tchulani nthawi ndi chifukwa. Kungoti "mumasokosa" kumamveka ngati mlandu.

Ambiri sadziwa n'komwe kuti akusokoneza anzawo. Mabesi ndi amene amadutsa m'khoma ndi m'simenti mosavuta, choncho kungosendeza sipikala kutali ndi khoma n'kuikhazika pakhushoni kumathandiza ngakhale voliyumu isanatsitsidwe. Za phokoso la pamaliro ndi pachinkhoswe, zimenezo timapirira tonse. Kwa alandilodi kapena amfumu n'kopita pokhapokha mwalankhula kangapo popanda kusintha, ndipo anebawo muwauziretu kuti mukupitako.