Dzina la Mtengo pa Ntchito Yofufuza Mankhwala: Phunziro la Kombe

1. Mau oyamba

Anthu ambiri amayesa kuti kufufuza mankhwala a m'mitengo ndi ntchito ya akatswiri a zomera, a kemisitiri ndi madokotala okha. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti ntchitoyi imayambira pa mau, ndi kuti mauwo akapanda kumveka bwino, zoyesa za m'labotale nazonso zimasokera. Wofufuza asanasinje muzu kapena khungwa, amayamba wafunsa sing'anga kapena nkhalamba ya pamudzi mafunso aŵiri: mtengo uwu dzina lake nchiyani, nanga uchiza nthenda yanji? Mayankho onse aŵiri ndi mau a chiyankhulo, ndipo kuwasanthula ndi ntchito yathu ife ophunzira ziyankhulo. Tiyamba ndi mbiri ya kombe, chifukwa ndi umodzi wa maina oŵerengeka a kuno amene analoŵa m'mabuku a sayansi a dziko lonse. Pambuyo pake tiona mavuto atatu amene maina a mitengo ndi a matenda amautsa.

2. Ulendo wa dzina la kombe

Kombe ndi chomera choyanga chimene chimakwera m'mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango zotentha, monga za m'chigwa cha Shire. Zipatso zake zimabala ziŵiriziŵiri, zazitali ngati nyanga, ndipo m'kati mwake muli nthanga zaubweya. Alenje a Chimang'anja ankasinja nthangazi ndi kupaka phala lake pa mivi. Nyama yolasidwa siinkapita patali, ndipo ikagwa iwo ankadula mnofu wozungulira bala ndi kuutaya, yotsalayo nkudya. Apa tiona kuti alenjewo ankadziŵa chomera chake, mbali yake yamphamvu, kakonzedwe kake ndi malire a ululu wake.

John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anaona mivi imeneyi ndipo anasunga pang'ono ululuwo. Buku la ulendowo, lotuluka mu 1865, limasimba kuti tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi umene unali m'thumba limodzi ndi kombe. Anamva kuŵaŵa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthanga ndi nthambi zinatumizidwa ku Britain. Mu 1871 Daniel Oliver wa ku Kew anatcha chomeracho Strophanthus kombe, kusunga dzina la Chimang'anja monga gawo lachiŵiri la dzina la sayansi. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza nthangazo zaka zambiri, napatula chinthu champhamvu chimene anachitcha strophanthin, ndipo mu 1885 anafotokozera madokotala anzake kuti chingathe kuchiza matenda a mtima.

Masiku ano kagwiridwe kake ka ntchito nkodziŵika. M'maselo a mnofu wa mtima muli kachipangizo kamene kamatulutsa sodiyamu ndi kuloŵetsa potaziyamu. Strophanthin amatsekereza kachipangizoka, ndipo chotsatira chake kashiamu amachuluka m'selo, mtima nkumafinya mwamphamvu koma mosathamanga. Akakhala wochepa amathandiza mtima wofooka, akachuluka amauimitsa. Mlenje ndi dokotala ankagwiritsa ntchito mphamvu imodzi yomweyo, kusiyana kwake kunali muyeso.

Malonda a nthanga za kombe atakula, vuto linabuka. Mankhwala opangidwa ku Ulaya sankafanana mphamvu: botolo lina lamphamvu kwambiri, lina lofooka. Chimodzi cha zifukwa zake chinali chakuti m'chigawo chino mumamera mitundu ingapo ya Strophanthus, monga Strophanthus courmontii, imene nthanga zake zikachotsedwa m'makoko nzovuta kuzisiyanitsa ndi maso. Zonse zinkaloŵa m'thumba limodzi ndi dzina limodzi. Akatswiri anachita kupeza njira yozilekanitsira: nthanga ya kombe weniweni ikadulidwa ndi kudonthezedwa asidi wa sulphuric imasanduka yobiriŵira, pamene ya mtundu winawo imafiira. Motero asidi anagwira ntchito imene dzina linalephera kugwira pamsika.

Lero madokotala sagwiritsanso ntchito kombe kaŵirikaŵiri, pakuti kunabwera mankhwala ena a mtima osavuta kuyeza. Koma m'mabuku a kemisitiri mukali dzina lakuti k-strophanthin, losiyanitsidwa ndi g-strophanthin wochokera ku Strophanthus gratus wa ku West Africa. Chilembo cha k chimenecho ndicho chatsala cha liu la Chimang'anja. Dzina lina la g-strophanthin ndi ouabain, ndipo nalonso linachokera ku liu la Chisomali lotchulira ululu wa pa mivi. Ziyankhulo za mu Africa zinapereka mau ku sayansi, ngakhale maina a alenje amene anaphunzitsa alendowo sakumbukika monga akumbukikira a Kirk ndi Fraser.

3. Dzina limodzi, mitengo yambiri

Vuto loyamba ndi lomwe taliona pa kombe. Katswiri wa zomera amafuna kuti mtundu uliwonse ukhale ndi dzina limodzi, ndipo dzina lililonse liimire mtundu umodzi. Eni chiyankhulo satchula mitengo motero. Iwo amaika pamodzi zomera zofanana maonekedwe, fungo, kakomedwe kapena ntchito.

Chitsanzo chodziŵika ndi mwanamphepo. Brian Morris, m'buku lake la Chewa Medical Botany la 1996, anaonetsa kuti dzinali limatchulira zomera zingapo, zambiri mwa izo za banja la mphesa, monga Cyphostemma, Cissus ndi Ampelocissus. Asing'anga amazisiyanitsa poonjezera mau monga wamkulu ndi wamng'ono. Wofufuza akalemba liu loyamba lokha ndi kusiya lachiŵiri, wataya theka la dzina. Dzina la mtondo nalo limatchulira Cordyla africana wa m'zigwa zotentha ndiponso Julbernardia paniculata wa m'nkhalango za kumtunda, mitengo yosiyana zipatso ndi ntchito zomwe.

Nthaŵi zina kapangidwe ka dzina kamaulula mbiri ya chomera. Nsatsi ndi Ricinus communis, pamene nsatsimanga ndi Jatropha curcas, chomera chochokera ku America. Mbali yakuti manga ndi yomwe ili m'liu lakuti chimanga, ndipo imaloza ku zinthu zodzera kunyanja yamchere. Anthu anaona nthanga zamafuta zofanana ndi nsatsi, nazitcha nsatsi zachilendo. Kutchula kotereku kuli ndi nzeru yake, pakuti zomera ziŵirizi nza banja limodzi. Koma ululu wa m'nthanga zawo ngwosiyana, ndipo dokotala wolandira mwana amene wadya nthangazo ayenera kudziŵa kuti ndi ziti.

4. Mtengo umodzi, maina ambiri

Vuto lachiŵiri limaonekera bwino pa msonkhano wonga uno, pamene pakumana anthu a maiko osiyanasiyana. Mtengo umene ife timautcha mlombwa, Pterocarpus angolensis, ku Zambia umadziŵika kwambiri kuti mukwa, ku Tanzania mninga, ku Mozambique umbila, ku South Africa kiaat, ndipo Achishona amati mubvamaropa chifukwa cha utomoni wake wofiira ngati magazi. Ofufuza asanu angathe kulemba za mtengo umodzi womwewo, aliyense nayesa kuti wapeza chatsopano. Komanso dzina limodzi likhoza kuyenda mtunda wautali losasintha kwenikweni: mwavi wathu, Erythrophleum suaveolens, Aswahili amautchanso mwavi ndipo Ababemba amati mwafi. Kufanana kotere ndi umboni kwa wophunzira mbiri ya ziyankhulo za Chibantu, komanso ndi chizindikiro kwa wa kemisitiri kuti mitundu yambiri ya anthu inazindikira mphamvu ya khungwa lomwelo.

Ntchito yosonkhanitsa maina inayamba kale. Jessie Williamson anatulutsa Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo bukuli linakonzedwanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. Blodwen Binns anatulutsa Dictionary of Plant Names in Malawi mu 1972. Mabukuŵa ndi chuma, koma maina ambiri anasonkhanitsidwa malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa a 1973 asanakhazikitsidwe, ndiponso ndi anthu amene makutu awo sanazoloŵere kusiyanitsa t ndi th, kapena p ndi ph. Chifukwa chake dzina limodzi limapezeka m'malembedwe aŵiri kapena atatu, monga mtutu ndi mthuthu pa Tephrosia vogelii, chitsamba chophera nsomba chimene ena amachitcha ombwe. Kamvekedwe ka mau kokweza ndi kotsitsa nakonso sikalembedwa, chonsecho ndi komwe kamasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika.

Wodziŵa magulu a maina ali ndi chothandizira china. Maina ambiri a mitengo ali m'gulu la mu- ndi mi-, ndipo chipatso chimatenga gulu lina: msuku ubala masuku, mlambe ubala malambe. Wofufuza wosadziŵa zimenezi angalembe msuku ndi masuku ngati zomera ziŵiri, kapena angalephere kuzindikira kuti amene akumufotokozerayo akunena za chipatso osati khungwa.

5. Dzina la nthenda

Vuto lachitatu ndilo lalikulu, ndipo silili pa mtengo koma pa nthenda. Titenge liu lakuti malungo. M'zipatala liuli linapatsidwa tanthauzo limodzi, la nthenda yodza ndi tizilombo ta Plasmodium tofalitsidwa ndi udzudzu. Koma pakamwa pa anthu malungo ndi kutentha thupi ndi kuphwanya kwa m'mfundo, kaya gwero lake nlotani. Sing'anga akanena kuti khungwa la muŵaŵani, Cassia abbreviata, ndi mankhwala a malungo, wofufuza amathamangira kukaliyesa pa tizilombo tija. Likapanda kupha tizilombo, amalemba kuti mankhwalawo ngachabe. Chikhalirecho mwina sing'angayo amanena za kuziziritsa thupi kapena kuchepetsa kuphwanya, zimene wofufuzayo sanaziyese nkomwe. Ngozi iliponso mbali inayo: mankhwala oziziritsa thupi akhoza kuyesedwa ochiza malungo a udzudzu, mwana nkuchedwa kupita naye kuchipatala.

Pali maina ena a matenda, monga tsempho, mdulo ndi kanyera, amene samasulirika ndi dzina limodzi la m'mabuku a madokotala, chifukwa amatchula pamodzi zizindikiro za m'thupi ndi mwambo umene akuti waswedwa. Kuwalemba ngati kuti ndi dzina lina la chifuwa chachikulu kapena la kunyentchera ndi kusokeretsa oŵerenga. Choyenera ndi kulemba zizindikiro zimene wodwala ndi sing'anga atchula, chimodzichimodzi, m'mau awo omwe.

Liu lakuti mankhwala nalonso nlotakata. Limatchulira ochiza, akupha, ophera tizilombo m'munda, otsirikira nyumba ndi a mwayi. Kombe wa pa muvi ndi strophanthin wa m'botolo onse ndi mankhwala, ndipo apa chiyankhulo chikugwirizana ndi sayansi, pakuti taona kuti chosiyanitsa ndi muyeso. Koma pofufuza mpofunika kufunsitsa kuti mankhwalawo ngakumwa, ngosamba, ngofukiza, ngotemera m'mphini kapena ngovala m'chiuno. Muzu wongovala sungayesedwe mofanana ndi muzu woŵiritsa nkumwa.

6. Zoyenera kuchita

Kuchokera pa zimene tafotokozazi, tiona kuti dzina la mtengo lisalembedwe lokha. Choyamba, liyende pamodzi ndi nthambi youmitsa ya chomeracho, yokhala ndi masamba, maluŵa kapena zipatso, yosungidwa m'nyumba yosungira zomera monga National Herbarium ya ku Zomba, kuti wina wokayika akathe kuiona. Chachiŵiri, palembedwe boma ndi chiyankhulo cha amene watchula dzinalo, pakuti dzina la ku Nsanje silingakhale la ku Kasungu. Chachitatu, dzina lilembedwe lonse, m'kalembedwe kovomerezeka, ndi gulu lake ndi kamvekedwe kake, ndipo ngati nkotheka mau ajambulidwe. Chachinayi, ntchito ya mtengowo ilembedwe m'chiyankhulo chomwe yafotokozedwera, kumasulira kubwere pambuyo.

Ntchito imeneyi katswiri mmodzi sangaithe; mutu umodzi susenza denga. Pamene Jerome Msonthi wa ku Chancellor College ndi Kurt Hostettmann wa ku Lausanne ankafufuza mitengo ya m'Malaŵi m'zaka za m'ma 1980, kufunafuna mwa zina mankhwala ophera nkhono zofalitsa likodzo, zomera zambiri ankazidziŵira kwa asing'anga. Pa gulu lotere mpando wa wodziŵa chiyankhulo suyenera kusoŵa. Mabungwe monga Centre for Language Studies, limene linaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, angathe kugwirizana ndi anzawo a ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe pokonza mndandanda umodzi wa maina a zomera wodutsa malire.

7. Mau otsiriza

Pali chifukwa china chimene kalembedwe kosamala kakhalira kofunika. Pangano la Nagoya, lovomerezedwa mu 2010 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limanena kuti wotenga nzeru za anthu zokhudza zomera ayambe wapempha chilolezo, ndipo phindu ligaŵidwe mwachilungamo. Koma anthu sangalandire gawo lawo popanda umboni wakuti nzeruyo inali yawo, ndipo umboni woyamba ndi dzina, malo ake ndi mau ofotokoza ntchito yake. Pa kombe chinatsala ndi chilembo chimodzi. Nkhalango zikutha, ndipo nkhalamba zodziŵa kusiyanitsa mwanamphepo wamkulu ndi wamng'ono zikucheperachepera. Mtengo ukatha m'dera, ana sakhalanso ndi choloza potchula dzina lake, ndipo dzinalo limaiŵalika pamodzi ndi zonse zimene makolo anadziŵa za mtengowo. Tipempha anzathu a m'chigawo chino kuti pokonza mabuku otanthauzira mau, maina a zomera asamangomasuliridwa kuti mtundu wa mtengo, koma apatsidwe malo ndi chisamaliro chimene timapatsa mau ena onse.