Masamu awiri oyezera mtima wa mnyamata wa masewera

Mnyamata wa zaka 16 akagona chammbali pa kama, dokotala n'kumupaka mafuta ozizira pachifuwa ndi kuyamba kumuunika ndi makina a echo, chithunzi cha mtima chimaoneka ndipo mamilimita amawerengedwa. Chipinda chakumanzere chatambalala mamilimita 54. Kodi n'chachikulu mopitirira? Yankho limadalira thupi limene mtimawo ukulidyetsa magazi. N'chifukwa chake madokotala amagawa muyeso wa mtima ndi kukula kwa khungu lonse la thupi, komwe amakuwerengera kuchokera pa kutalika ndi kulemera kwa munthu. Njira zake n'zingapo, koma ziwiri ndizo zimakumana kawirikawiri pa mwana wothamanga.

Yakale ndi ya Delafield Du Bois ndi Eugene Du Bois, ya mu 1916 ku New York. Iwo anakuta matupi a anthu ndi mapepala, n'kusenda mapepalawo, n'kuwayeza. Anthu ake anali 9 okha. Zimandidabwitsa kuti masamu obadwa pa anthu osakwana ngakhale timu ya mpira agwira ntchito m'zipatala zaka zoposa 100, ndipo kwa munthu wamkulu wa thupi lapakati amalondolabe ndithu. Njirayi imapatsa mphamvu zambiri kutalika.

Ya George Haycock ndi anzake inabwera mu 1978, itayezedwa pa anthu 81, kuyambira makanda obadwa masiku asanakwane mpaka akuluakulu. Iyo imamvera kwambiri sikelo. Poti inakhudza ana enieni, madokotala a mtima wa ana amaikonda, ndipo ndiyo inagwiritsidwa ntchito pa miyezo ya Pediatric Heart Network ya mu 2017 ku America.

Pa wothamanga wowonda wa masentimita 180 ndi makilogalamu 70, ziwirizi sizikangana: Du Bois akupereka masikweya mita 1.89, Haycock 1.87. Mkangano umayamba pa mnyamata wa rugby wa masentimita 175 ndi makilogalamu 100. Apa Du Bois akuti 2.15, Haycock 2.24. Tigawe mamilimita 54 aja: njira yoyamba ikupereka 25, yachiwiri 24. Mtima ndi womwewo, mnyamata ndi yemweyo, koma papepala mtima wachepa chifukwa cholembera chasintha masamu. Kwa mwana amene ali pakatikati pa muyezo, kusiyanaku n'kosadetsa nkhawa. Kwa amene ali m'malire, kungasankhe ngati abwerere ku bwalo mawa kapena akaunikidwenso.

Ndipo malirewo si nkhani yamasewera. Mtima wa wothamanga umakula ndi masewera olimbitsa thupi, n'kukhala wathanzi. Koma pali matenda obadwa nawo amene amanenepetsa khoma la mtima, ndipo pachithunzi amafanana ndi mtima wolimba. Ndi matenda amenewa amene anapezeka mwa Marc-Vivien Foé, wosewera mpira wa ku Cameroon, atagwa n'kumwalira pa bwalo ku Lyon pa 26 June 2003. Kulakwira mbali ina kumataya moyo. Kulakwira mbali inayo kumalanda mwana wathanzi mpira wake.

Kwa wachinyamata ine ndimatsamira kwa Haycock, koma pokhapokha ngati miyezo imene dokotala akuyerekezera nayo inapangidwanso ndi Haycock. Kuwerengera khungu ndi Du Bois kenako n'kuyang'ana pa miyezo ya Haycock n'kugula chimanga ndi ndowa ina, n'kugulitsa ndi ina.

Chofooka chimodzi ali nacho onse awiri: sikelo siisiyanitsa minofu ndi mafuta. Minofu imafuna magazi ambiri ndipo mtima umakula nayo. Mafuta safuna ochuluka chotero. Mnyamata wa makilogalamu 100 a minofu ndi mnzake wa makilogalamu 100 a mafuta amalandira nambala imodzi, ndipo mwa wachiwiriyo mtima wokuladi ungabisale kuseri kwa nambala yaikuluyo. Madokotala ena pa mwana wotereyu amasiya khungu, n'kugawa ndi kutalika kokha, kenako n'kufunsa amayi ake ngati pabanjapo wina anamwalirapo mwadzidzidzi ali wamng'ono.