Nyale za sola za pamsewu: funsani za batire musanafunse mtengo

Dzuwa likangolowera kuseri kwa nkhalango ya Kasungu National Park, pa Chulu pamagwa mdima wandiweyani. Amayi a tomato amayamba kulongedza, akabaza n'kumadalira tochi ya pafoni. Mantha anakulanso chiyambire 2022, pamene njovu zoposa 250 zinasamutsidwa ku Liwonde kudzaikidwa m'nkhalangoyi, poti zina zimatuluka usiku kukadya m'minda. Choncho komiti ya chitukuko ikaganiza zoika nyale za sola pamsika, kaya ndi ndalama za thumba la boma la chitukuko cha m'madera (CDF) kaya zosonkha fodya akagulitsidwa, ndi maganizo abwino. Chondidetsa nkhawa ine ndi kagulidwe kake.

Ambiri amakopeka ndi nambala yaikulu ya mawati yolembedwa pakatoni. Koma mawati amangonena mphamvu imene nyale ikudya. Kuwala kwenikweni kumayezedwa m'ma lumen, ndipo nambala imeneyo ndiyo yoyenera kufunsa.

Mtima wa nyale yonse ndi batire. Tiwerengere limodzi: nyale ya mawati 30 ikayaka maola 12 imadya 360Wh. Mvumbi wa mu Januwale ukhoza kubisa dzuwa masiku atatu, ndiye batire liyenera kusunga 1,080Wh kapena kuposerapo. Likachepa, nyale imawala bwino madzulo, n'kuzima tambala woyamba asanalire, nthawi yomwe akuba amayenda. Batire la asidi, longa la galimoto, ndi lotchipa koma kutentha kwa mu Okutobala kumalikalambitsa msanga. La lithium iron phosphate limapirira zaka zambiri. Nyale zina zimachepetsa kuwala pakakhala palibe wodutsa, n'kuwonjezera zikaona munthu, ndipo izi zimapulumutsa batire kwambiri.

Panelo liyang'ane kumpoto, chifukwa Kasungu ili pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator, ndipo mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto. Lipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango. Nyale ikhale ndi chizindikiro cha IP65, chosonyeza kuti fumbi ndi madzi a mvula sizilowa mkati.

Batire likhale pamwamba pa pholo, osati m'bokosi la pansi pomwe aliyense angaphwanye loko. Ndipo musanapereke ndalama, wogulitsa alembe papepala zaka za chitsimikizo ndi komwe batire lina lidzapezeke. Komiti nayo isankhiretu wachinyamata wokwera makwerero ndi kansalu konyowa mu Seputembala, fumbi la mumsewu likamata panelo.