Utumiki wa Mkhristu ndi Khasu la Adzukulu

Maliro akagwa pamudzi, maso a anthu amakhala pabwalo: tenti, mipando ya mafumu, kwaya, abusa, ndi mkulu wolengeza chipepeso. Koma kusanache amuna ena amakhala atalawira kale kumanda ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Awa ndi adzukulu. Akalozeredwa malo amayamba kukumba, kaya dothi ndi lofewa la mu Januwale, kaya ndi louma gwaa la mu Okutobala. Pa mndandanda wa olankhula iwo sapezekapo, nsima amadyera komweko, ndipo palibe amawafunsa ngati malemuwo ankawapatsa moni. Chikhalirecho mwambo wonse umadikira iwo. Asanatumize mawu akuti nyumba yatha, bokosi silinyamuka.

Wofuna kumvetsa utumiki umene Baibulo limaphunzitsa ayambe wayang'ana kumandako.

Ophunzira a Yesu nawonso ankakonda za pabwalo. Pa Marko 10, Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, anapempha mipando iwiri yoyandikana ndi Yesu mu ulemerero wake. Anzawo khumi atamva anapsa mtima, ndipo ine ndikuganiza kuti chinawapweteka n'chakuti awiriwa anawapambana liwiro. Luka 22 akutiuza kuti mkangano wa ukulu unabukanso ngakhale pa chakudya chomaliza, imfa ya Mbuye wawo ili pakhomo.

Usiku umenewo ndi umene Yohane 13 akufotokoza. M'dziko la Ayuda anthu ankayenda ndi nkhwaira m'misewu yafumbi, ndipo kusambitsa alendo mapazi inali ntchito ya wantchito wotsikitsitsa m'nyumba. Chakudya chinayamba, palibe ananyamuka. Yesu anavula chovala chake chakunja, namanga nsalu yopukutira m'chiuno, nathira madzi m'beseni. Petro anakana, monga momwe ifenso tingalumphire kukalanda khasu titaona a gogo chalo akulowa m'dzenje. Pali zinthu ziwiri zimene owerenga ambiri amazidumpha pamenepa. Yohane akunena kuti Yesu anachita izi akudziwa bwino lomwe kuti Atate anapereka zonse m'manja mwake. Sanagwade chifukwa chodziona wachabe. Komanso Yudasi anali asanatuluke. Mapazi amene anathamangira kwa akulu a ansembe usiku womwewo anali atangosambitsidwa kumene. Mdzukulu sasankha maliro.

Ena amayesa ntchito zotere n'zosiyira aliyense amene alibe chochita. Afunseni adzukulu. Pakati pawo pamakhala mkulu wodziwa pamene panagona yani zaka zapitazo, kuti khasu lisakagunde mafupa a munthu. Mpingo woyamba unkadziwa zimenezi. Pa Machitidwe 6, Ayuda olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akumanidwa pa kagawidwe ka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanatume anyamata oyamba kuwaona. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Mmodzi wa ogawa chakudyawo anali Stefano, amene anakhala woyamba kuphedwa chifukwa cha dzina la Yesu.

Tsono chiphunzitsochi timachitembenuza kawirikawiri. Chimalalikidwa kwa mayi amene akuzunzika m'banja, kwa mtsikana wantchito amene sanalandire malipiro a miyezi ingapo, kwa mnyamata wonyamula chikwama cha abusa. Onsewa amauzidwa kuti apirire poti Mkhristu ndi kapolo. Koma pa Marko 10 Yesu ankadzudzula anthu olimbirana mipando, n'kuwasiyanitsa ndi olamulira a mitundu ina amene amapondereza anthu awo. Phunziroli limayambira kwa wamkulu kutsikira pansi. Mbusa amene amalilalikira iye atakhala pa mpando wa wofuwofu, wina akumupukuta thukuta, waligwira chadodolido.

Pali pamodzi pamene adzukulu sangatiperekeze mpaka kumapeto. Ntchito yawo ili ndi kubwezerana: wokumba lero akudziwa kuti maliro akadzagwa kwawo, ena adzabwera ndi makasu, ndipo wojomba amadziwika. Yesu anapitirira pamenepo. Pa Luka 14 analangiza womuitana kuchakudya kuti pokonza phwando aziitana osauka, olumala ndi akhungu, chifukwa chakuti iwo alibe chomubwezera.

Mipingo ina imasungabe mwambo wa beseni. Akatolika amauchita Lachinayi Loyera, a Seventh-day Adventist amasambitsana mapazi asanadye Mgonero. Mu 2013 Papa Francis anakauchitira ku ndende ya achinyamata ya Casal del Marmo ku Rome, kumene anasambitsa akaidi 12, awiri mwa iwo atsikana. N'zabwino ndithu, koma mapazi a pamwambo amabwera atatsukidwa kale kunyumba.

Sabata ino funsani mlembi wa mpingo wanu akuonetseni amene amasesa m'tchalitchi, amene amatsuka zimbudzi, ndi amene amapititsa phala kwa odwala kuchipatala. Ngati mayinawo ndi a amayi omwe aja chaka ndi chaka, akulu a mpingo ndi abusa lembetsanipo anu.