Alendo a Masabata Awiri ndi Phunziro la pa Chibisa

Chaka ndi chaka, m'miyezi yozizira ya June ndi July, magulu a Akhristu odzipereka ochokera ku Ulaya ndi ku America amatsika mapiri kulowa m'chigwa cha Shire. Amafika ku Nchalo ndi m'midzi ya Mfumu Yaikulu Lundu atanyamula mankhwala, mabuku ndi ndalama zomangira sukulu kapena kukumbira mjigo. Pakapita masabata awiri kapena atatu amabwerera kwawo. Mtima wawo ndi wabwino, ndipo palibe angaukane. Koma funso loyenera aphunzitsi ndi antchito a Boma ndi ili: kodi mlendo akachoka, chotsala m'mudzi n'chiyani?

Funsoli si lachilendo m'chigwachi. M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika ndi anzake a mishoni ya UMCA, poyankha pempho la David Livingstone, namanga ku Magomero. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Otsalawo anasamukira pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa, pamodzi ndi anthu amene anawaombola kwa ogula akapolo. Kumeneko anakumana ndi chilala ndi njala yoopsa, ndipo m'chaka cha 1863 Mbusa Henry Scudamore ndi Dokotala John Dickinson anamwalira. Chaka chomwecho Bishopu William Tozer anachotsa mishoniyo, kupita nayo ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 anaisamutsira ku Zanzibar.

Mmodzi wa iwo, Henry Rowley, analemba buku losimba za ulendowo, ndipo woliwerenga amaona kulemera kwa kuthandiza anthu amene sudziwa chinenero chawo, mafumu awo, ngakhale nyengo za dziko lawo. Chovuta chachikulu chinadza pa tsiku lochoka: anthu amene anazolowera kudalira mishoni, nanga akanatsala ndi yani? Horace Waller anakana kuwataya, natenga ena mwa amayi ndi ana kunka nawo ku Cape Town. Amuna awa anapereka moyo wawo, komabe m'chigwa anasiyamo manda, osati mpingo kapena sukulu.

Tsono taonani ntchito zimene zakhazikika. Chipatala cha Montfort ku Nchalo ndi cha Trinity ku Muona zikutumikira anthu chifukwa amene anaziyamba anakhalitsa, naphunzitsa eni dziko ntchito. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Holland, anakhala zaka zambiri pakati pa Amang'anja, naphunzira mbiri ya Lundu ndi ya kachisi wa Mbona ku Khulubvi kufikira analemba mabuku odziwika m'maiko ambiri. Iye anayamba wamvetsera asanalankhule.

Mlendo wa masabata awiri alibe mpata wotere. Amaona chigwa m'nyengo yake yofatsa. Saona kutentha kwa October, kapena madzi osefukira monga a mu January 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. M'mwemo nyumba ikhoza kumangidwa pamalo pamene mkulu aliyense wa m'mudzi akudziwa kuti madzi amadutsapo. Mjigo ukhoza kukumbidwa pamene pansi pali madzi amchere, monga zilili m'madera ena a m'chigwachi. Ndipo ukathyoka popanda komiti yosonkhetsa ndalama zogulira zitsulo, amayi amabwerera ku mtsinje kumene kuli ng'ona. Chipinda chophunziriramo chikamangidwa ofesi ya maphunziro isakudziwa, chimayamba kudikira mphunzitsi. Ndiponso alendo akagwira okha ntchito ya njerwa, amisiri a m'mudzi momwemo amataya ganyu.

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Miyambi iwiriyi ndi yoona. Kalumoko tikulandire, koma tisaiwale kuti mwini wake sakhalitsa.

Motero udindo waukulu uli pa ife eni. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo kapena kalaliki wa kukhonsolo amene walandira alendo otere awaperekeze poyamba kwa mfumu ndi kwa Bwanamkubwa, kuti thandizo lawo lilowe m'ndondomeko ya chitukuko imene anthu anapangana kale. Awafunse mwaulemu kuti adzasamala ntchitoyo ndani chaka chamawa, ndalama zokonzera zidzachokera kuti, ndipo ndi anthu angati a m'mudzi amene aphunzirepo luso. Mlendo wamtima woona sakhumudwa ndi mafunso otere. Iye amene adza kudzaphunzira ndi kulimbikitsa mpingo, sukulu ndi chipatala zimene zilipo kale adzasiya chinthu chimene chidzakhalabe iye atapita.