MASWICHI A GALIMOTO YAKALE: FYUZI NDIYE MLONDA WANU

Nyengo ya kukolola ikafika, miseu ya ku Chadiza, Vubwi, Lundazi ndi Mfuwe imadzala ndi magalimoto onyamula cimanga, nshawa, thonje ndi fodya kupita ku Chipata. Pakati pao pamaoneka magalimoto akale a Land Rover, Peugeot, Datsun ndi Toyota Hilux. Galimoto yotere ndi cuma ca mudzi wonse, pakuti ndi yomweyo imene imathamangitsira mai wapakati ku cipatala ca Mwami kapena ca St Francis ku Katete pakati pa usiku.

Injini za magalimoto amenewa zikali zolimba. Cimene cimayamba kufa ndi maswichi a pa dashibodi, oyatsira nyali, mawaipa ndi hutala. Dzuwa limaumitsa pulasitiki, fumbi limalowa m'kati, ndipo mabampu amamasula mawaya.

Amakaniko athu anazolowera kale kudzipangira nzeru. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinacepa m'dziko muno ndipo zitsulo za magalimoto zinasowa. Ngakhale magalimoto a Fiat anali kulumikizidwa ku Livingstone ndi a Land Rover ku Ndola, zitsulo zake zinali kucokera kunja. Malonda atatseguka pambuyo pa 1991, magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anaculuka, ndipo masitolo anadzala ndi zitsulo zake. Koma swichi ya Peugeot 404 kapena ya Land Rover yakale siipezeka wamba.

Njira yoyamba ndiyo kufunafuna pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo. Popita ku magalaja, tengani swichi yakufayo m'manja ndi kuwerenga mano ake a kumbuyo, pakuti maswichi ofanana nkhope amasiyana m'kati. Dziwaninso caka ca galimoto yanu. Land Rover ya Series III, imene inatuluka mu 1971, ili ndi mawochi patsogolo pa dalaivala, pamene ya Series IIA ili nao pakati pa dashibodi. Magalimoto ang'ono amayendera magetsi a 12 volts, koma malole ambiri ndi a 24 volts, motero mababu ndi ma relay ao sasinthanitsidwa.

Zikakanika, njira yaciwiri ndiyo kudula cigamba ca aluminiyamu kapena thabwa lopyapyala, kucibowola ndi kuikapo maswichi atsopano ogula ku sitolo ya zitsulo za magalimoto. Palibe colakwa pamenepa, koma ndi pomwenso pagona ngozi.

Swichi iliyonse ili ndi malire a magetsi amene ingapirire, ndipo amalembedwa pathupi pake mu ma amps. Kuwerengera kwake n'kosabvuta: gawani ma watts a nyali ndi 12. Nyali ziwiri zakutsogolo za ma watts 55 iliyonse zimakoka ma amps 9 ndi pang'ono. Nyali ziwiri zowonjezera za ma watts 100 iliyonse zimakoka pafupifupi ma amps 17. Kaswichi ka ma amps 5 kakasenza katundu wotere kamatentha ndi kusungunuka. Mankhwala ake ndi kacipangizo kochedwa relay, kamene kamasenza magetsi aakuluwo, swichi n'kumangokalamula. Swichi ya pa khoma la nyumba isaikidwe m'galimoto, pakuti inapangidwira magetsi a mtundu wina.

Cacikulu koposa ndi fyuzi. Waya wamoyo ukakhuza citsulo ca galimoto, batire imakhuthula mphamvu yake yonse pamenepo, wayawo umafiira ndipo moto umabuka kuseri kwa dashibodi, pafupi ndi mawondo a okwera. Fyuzi ndi kawaya kofooka dala kamene kamaduka moto usanayambe. Waya uliwonse watsopano, ngakhale wa wailesi kapena wochajira foni, ukhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Mafyuzi a pulasitiki a mano awiri amadziwika ndi maonekedwe: yofiira ndi ya ma amps 10, yobiriwira ngati thambo 15, yacikasu 20, yobiriwira ngati msipu 30. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri, ikukuuzani kuti waya wina wasupuka. Kuikapo msomali, waya wa mkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndiko kupha mlonda mbala ili pakhomo.

Cenjeraninso ndi maonekedwe a mawaya, pakuti dziko lililonse linali ndi mwambo wake. Pa Land Rover yakale waya wa bulauni ndi wamoyo, wocokera ku batire, ndipo wakuda ndiwo umamangidwa ku citsulo. Pa Volkswagen wa bulauni ndiwo wa ku citsulo. Pa Toyota wa ku citsulo ndi woyera wa mzere wakuda. Wosokoneza mawaya amenewa amaocha galimoto m'kamphindi. Musanagwire ciliconse, masulani coyamba waya wa batire wopita ku citsulo, ndipo mangani kapepala kolembedwa pa waya uliwonse musanauzule.

Tinyali tiwiri ta cenjezo tisasiyidwe pa cigamba catsopano. Ka mafuta a injini kakayaka pa ulendo, imani pomwepo, pakuti injini yopanda mafuta imauma msanga. Ka batire kali ndi nchito inanso: pa magalimoto ambiri akale alternator imadzutsidwa ndi magetsi odzera m'kababu kameneka, kotero kakacotsedwa batire ingaleke kudzaza. Pomaliza, lembani dzina pansi pa swichi iliyonse kuti dalaivala wina asafufuze mumdima.

Kumbukirani kuti oyesa magalimoto a bungwe la RTSA amaona ngati nyali, zolozera pokhota, hutala ndi mawaipa zikugwira nchito asanapereke ciphaso. Ngati simudziwa za magetsi, pitani kwa mmisiri amene anaphunzira nchitoyi, monga ocokera ku Chipata Trades Training Institute. Safunsa anadya phula. Fyuzi imagulidwa ndi ndalama yocepa, koma galimoto ikapsa pa mseu wa ku Vubwi, mudzi wonse umayenda pansi.