M'phala muli chiyani?

Kwacha ku Angónia. Kunja kukuzizira. Amayi atereka mphika pamoto. Mwana akuwotha moto, maso ali pamphika.

"Amayi, kodi m'phalamu muli chiyani?"

"Muli ufa woyera, madzi ndi mchere, mwanangu."

Anzathu, funso la mwanayu ndi lathu tonse. Ana ambiri amadya phala m'mawa uliwonse, koma sakula bwino. Chifukwa chake n'chiyani?

Tikakonola chimanga timachotsa gaga pamodzi ndi mtima wa njere. M'menemo ndimo muli mafuta ndi zina zofunika m'thupi. Gaga uja timapatsa nkhuku. Nkhuku zimanenepa, mwana n'kutsala ndi ufa woyera. Ufa umenewu umakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma pawokha sumanga thupi. Pophika phala, mgaiwa umaposa ufa woyera.

Mgaiwanso umafuna mnzake. Mnzakeyo ndi soya kapena mtedza.

Tengani makapu 4 a chimanga ndi kapu 1 ya soya. Soya muyambe mwakazinga, chifukwa wamuwisi amavuta kugayika m'mimba. Sakanizani, mukagayitse kuchigayo. Ngati mulibe soya, thirani nsinjiro m'phala likamawira. Mtedza muusankhe musanasinje. Wachuku mutaye: uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo satha ngakhale muphike.

Phala lisakhale lamadzimadzi. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Ikadzaza madzi, chakudya chilowa pati? Tapani ndi supuni, muipendeke. Phala labwino silithamanga kutayika. Khanda liyambe phala likakwanitsa miyezi 6, ndipo lipitirize kuyamwa.

Tsono phala limeneli liyambira kumunda. Zulani soya kapena mtedza, muone mizu yake. Ili ndi timibulu ting'onoting'ono. Timibulu timeneti timawonjezera chonde m'nthaka. Pamene tabzala mtedza chaka chino, tibzalepo chimanga chaka chamawa. Mbewu imodzi idyetsa mwana, idyetsanso munda.

Pamsonkhano wa kopaletiva tikambirane. Ogula akabwera, tisagulitse mtedza ndi soya yense. Banja lililonse liyambe lasunga wa phala la ana ndi wambewu.

Tiwerenge pamodzi: pha-la, u-fa, so-ya, nsi-nji-ro.

Mafunso

1. Kodi timataya chiyani tikakonola chimanga?
2. Pa makapu 8 a chimanga tithire makapu angati a soya?
3. Kodi kwanu m'phala la ana mumathira chiyani?